Atelala Osoka Mauthenga

Munthu woyamba kukhala ndi lamya mumsewu wonse uja sanali dokotala kapena mwini golosale. Anali Atelala, bambo aafupi, adazi, amene moyo wawo wonse anayenda ndi tepi m'khosi ndi mapini kukamwa. Ndipo eni akewo sanaifune n'komwe. Fakitale ina ya sopo inawapatsa ntchito yosoka maovololo, ndiye kalaliki wa kumeneko atatopa n'kuyenda wapansi kudzafunsa ngati maovololo atha, anachonderera abwana ake kuti akokere waya kushopuko. Kunabwera anthu, anakumba maenje, anaimika mapolo, n'kusiya pathebulo lodulira nsalu chinthu chakuda cholemera ngati simbi yamakala. Chinali ndi chopukusira m'mbali. Ukapukusa, mayi wina wosaoneka ankakufunsa kuti ukufuna nambala yanji. Fakitaleyo inatsekedwa patangopita zaka zitatu, koma lamya inatsala.

Masiku oyamba ikalira, Atelala ankadzambatuka, kulavula mapini, kumanga batani lapakhosi, kenako n'kuyankha ataima njo ngati abwana akuwaona. Anaisokera kansalu kake kofunda, ka maluwa ofiira. Ometa, amene shopu yawo inagundana khoma ndi ya Atelala, anauza aliyense kuti chinthucho chidzaitana mphenzi n'kupsereza msewu wonse. Koma ndi Ometa omwewo amene anayamba kugawa nambalayo kwa abale awo, mpaka kwa msuweni wa mlamu wawo.

Posakhalitsa nambala ya Atelala inasanduka ya aliyense. Tsiku silinkatha osawaona ataima pakhonde, manja kukamwa, akufuula kuti, "Amayi a buledi, lamyaaa!" Munthu ankathamanga thovu la sopo lili m'manja, kufika ali wefuwefu, n'kuyamba kukuwa ngati akufuna mawuwo akafike okha popanda waya. Koma nthawi zambiri woitanidwayo ankakhala ali kuntchito kapena kumsika, ndipo woimbayo ankangoti, "Basi, mungowauza kuti..." Apa m'pamene pagona nkhani yonse.

Atelala anali telala mpaka m'mafupa. Chinthu chosapinda m'mphepete chinkawasowetsa mtendere, kaya ndi katani ya kwa eni ake, kaya ndi uthenga.

"Mawu ali ngati nsalu yongodula kumene," ankatero. "Ukampatsa munthu osapinda, pofika mawa yayoyoka ulusi."

Ndiye bambo wina wogwira ntchito kutali akaimba n'kunena kuti, "Mukamuuze mkazi wangayo kuti mwezi uno sindibwera, asamandivutitse," Atelala ankayenda pang'onopang'ono kupita kunyumba kwa mayiyo, akuyeza ndi kudula m'mutu. Pofika pakhomo uthenga unkakhala utasokedwa kale: "Akuti mtima wawo uli kuno, koma abwana awakaniza tchuthi." Apongozi akaimba kuti, "Ndikubwera Loweruka ndidzaone ngati m'nyumbamo mumasesedwa," mtengwa ankalandira mawu akuti, "Akuti akusowani kwambiri, ndipo amakonda kukhala pamalo posesa bwino ngati panu." Mabanja ambiri mumsewumo analimba chifukwa cha ulusi wa Atelala, eni ake osadziwa.

Sikuti nthawi zonse zinkayenda. Tsiku lina kunabwera uthenga woti agogo ake a kalipentala wina wa mumsewumo amwalira. Atelala anaupinda, n'kuupindanso, mpaka unafika kwa mwini wake uli wakuti, "Akuti agogo sali bwino kwenikweni, koma panopa akupumula." Kalipentala anamaliza kaye mipando imene ankakhoma, n'kunyamuka patapita masiku anayi, atanyamula thumba la malalanje. Atabwerako sanawalankhule Atelala mwezi wathunthu. Ometa ndiwo anaseka mpaka kugwetsa lumo. "Kandimverere anakanena za m'maluwa," ankatero tsiku lililonse, kufikira nkhaniyo itatha mchere.

Kunyumba kwa Atelala kunali munthu mmodzi amene sankafuna lamya kuti amveke patali. Akazi awo ankachapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo kumbali anthu ankawatcha a Mkuzamawu. Akaitana nkhuku, za mumsewu wachitatu zinkabwera nazo. Mayi amenewa chikondi chawo chinali kukalipa. Akakufunsa kuti, "Wayamba liti kuonda ngati chingwe chonchi?" unkadziwa kuti mbale ikubwera. Akangokupatsa moni waulemu n'kukusiya, unkadziwa kuti wafa ukuyenda.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene anatengera mphuno ya bambo ake ndi mutu wa mayi ake. Amayiwo anachapa mabulangeti a msewu wonse mpaka zala kusuwa kuti mwanayo apite kusukulu yauphunzitsi. Chaka chomaliza, kutatsala miyezi inayi, mwana anatulukira ndi sutukesi n'kunena kuti choko sakuchifuna, akupita kumzinda wina wakutali kukaphunzira umakaniko wa malole. Zimene zinalankhulidwa masana amenewo anazimva ndi ogontha omwe.

"Ukangodutsa pageti apo, mawu anga sudzawamvanso!" anatero a Mkuzamawu.

"Chabwino," anatero mwana, n'kudutsa.

Atelala anali ataima pakati pa awiriwo ndi tepi yawo m'khosi, kukamwa kuli yasa. Kwa nthawi yoyamba mawu anadutsa pamaso pawo osapinda, ndipo anaona ndi maso awo zimene mawu otero amachita. Madzi akatayika saoleka.

Patapita miyezi itatu, Loweruka masana, lamya inalira.

"Bambo, ndine. Ndili moyo, ntchito ndinapeza. Amayi muwauze kuti njala imene ankanena ija sinandiphe."

Kuchoka kushopu kufika kunyumba panali mapazi mazana awiri. Atelala anayenda mapaziwo ngati akuponda minga. Anapeza akazi awo akusita malaya a wapolisi wina.

"Waimba mwana. Akuti akupepesa kwambiri, ndipo akukusowani."

Simbi inaima pakolala mpaka kunayamba kununkha. Amayiwo anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kenako anatsonya.

"Mukamuuze wosamva ameneyo kuti pabedi pake ndaikapo nkhuku yoikira. Bola nkhuku imabweza mazira."

Loweruka lotsatira mwana ataimba, Atelala anakonza kukhosi.

"Amayi ako akuti uzivala juzi, kwayamba kuzizira."



"Atero amayi?"

"Atero ndithu."

"Chabwino," anatero mwana.

Umu ndi mmene zinakhalira zaka khumi ndi chimodzi. Loweruka lililonse masana lamya inkalira, mwana n'kuponya mwala, Atelala n'kukapereka duwa. Amayi ankabweza khasu, Atelala n'kusunga sabata yonse mpaka litasanduka juzi, sikafu, kapena malangizo oti asamagone ndi njala. Kushopu amayiwo ankafika masiku ena onse, koma Loweruka masana phazi lawo silinkapondako, poti mawu anali atanenedwa pageti ndipo iwo sanali munthu wobweza malovu. Mwana anakwatira, uthenga unadutsa mwa Atelala. Kunabadwa mdzukulu wamkazi, unadutsanso momwemo. Atelala akamufunsa mwanayo kuti ubwera liti, ankangoti chaka chamawa. Atelala ankadziuza kuti chilonda chachikulu sichipola msanga, ndipo tsiku lina, zonse zikadzakhala m'malo, adzawakumanitsa.

M'zaka zimenezo lamya yokha ndiyo inkasintha. Yopukusa ija anadzaichotsa n'kuika ya kagudumu kozungulitsa ndi chala, ndipo mayi wosaoneka uja sanamvekenso. Kenako inabwera ya mabatani. Pakona anaimikapo kanyumba kagalasi kamene kankameza makobidi a anthu n'kukhala duu, mpaka anthu anakathyola chitseko. Kenako kunabwera mafoni am'manja, poyamba kwa mabwana okha, mawa lake kwa aliyense, ngakhale wogulitsa makala. Ometa anagula yawo, ndipo ankameta anthu foni itapanidwa paphewa, akukangana ndi msuweni wa mlamu wawo uja. Makutu angapo anavulala chaka chimenecho.

Palibenso amene ankabwera kudzafunsa ngati kuli uthenga. Amuna anayamba kulankhula okha ndi akazi awo, apongozi ndi atengwa awo, ndipo mumsewumo munayamba kuuluka mapoto. Atelala ankangoyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kupukusa mutu.

"Mwaona? Anthu akuvala nsalu zosapinda."

Lamya yawo inatsala ndi ntchito imodzi basi, ya Loweruka masana. Ndipo poti luso lonse linalibenso kwina kopita, Atelala anayamba kulithira lonse pa uthenga umodziwo. Anayamba kuika mabatani agolide pamene pankafunika ulusi wamba. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Loweruka lina pakamwa panawatsogola.

"Amayi ako akuti sakufuna kufa asanamve mawu ako."

Zimene amayiwo ananena sabata imeneyo zinali zakuti mwana woteroyo akanabadwa mbuzi bwenzi atamugulitsa kalekale.

Mwana anati, "Ngati atero, ndamva. Nditumiza kaphukusi pa basi ya Lachitatu. Muli foni ya amayi, ndaikamo zonse. Loweruka likubwerali sindiimba kushopu, ndiimba kwa iwowo."

Atelala anaika lamya pansi. Dzulo lake lomwelo anali atauza akazi awo kuti mwana akufuna kudzagwada pamaso pawo n'kulira. Tsopano uku kunali mayi woyembekezera mwana wogwada, uko kunali mwana woyembekezera mayi wa juzi. Anthu awiri amenewa kunalibe, anawasoka ndi iwo. Enieniwo akangomvana mawu, ankadziwa Atelala, zidzakhala za pageti zija kachiwiri, ndipo ulendo uno sipadzatsala ngakhale Loweruka. Mwana adzapita kotheratu, ndi mdzukulu yemwe amene anali asanamuone n'komwe. Anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

Lachitatu anakatenga kaphukusiko kudepoti n'kukakwirira pansi pa thumba la zigamba. Anaganiza zodzanena kuti basi inataya katundu. Koma msewu wokhala ndi wometa ulibe chinsinsi. Lachinayi m'mawa a Mkuzamawu akudutsa ndi beseni la zochapa pamutu, Ometa anasuzumira pakhomo.

"Alamu, mwalowa m'gulu lathu eti? Ndawaona achimwene dzulo atanyamula kabokosi ka foni. Mundipatse nambala!"

Beseni linatsika pansi. Thumba la zigamba linakhuthulidwa pakati pa shopu.

"Ndimafuna ndikudzidzimutseni," anatero Atelala.

"Mwandidzidzimutsa kale. Bweretsani kuno."

Anaitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza, n'kuiika m'thumba la epuloni. Sananene kuti ayankha, sananenenso kuti sayankha. Koma madzulo ake Atelala anawaona akuipukuta ndi kansalu konyowa, ndipo anatsimikiza kuti foniyo isagwire ntchito Loweruka.

Anayamba ndi chaja. Anaiponya m'kabati ya mabatani akale n'kunena kuti mwana waiwala kutumiza. Pasanathe ola Ometa anabwera ndi machaja atatu kuti amayi asankhepo. Kenako Atelala anati anamva kuti mafoniwa amadwalitsa mutu anthu opitirira zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Ine mutu unayamba kundiwawa tsiku limene ndinakwatiwa ndi inu," anatero amayiwo. "Foni ipezamo malo?"

Atelala anayesanso kunena kuti m'nyumba mwawo netiweki siigwira, imagwira kuseri kwa thanki ya madzi ya kusukulu, ndiponso munthu ataimirira pa njerwa. Asanamalize n'komwe, foni inalira m'epuloni muja. Anali Ometa, akuyesa nambala kuchokera kushopu kwawo.

Lachisanu Atelala anasoka mkono wa jekete kukhosi, chinthu chimene sichinawachitikirepo pa zaka makumi anayi. Akusomola ulusiwo m'pamene nzeru yomaliza inawafikira, nzeru ya munthu womira amene amagwira ndi thovu lomwe. Anapita kunyumba n'kukhala pafupi ndi akazi awo ngati mphunzitsi.

"Bwerani ndikuphunzitseni, mungadzachite manyazi mawa. Mabatani ofunika ndi awiri. Ikalira, mukafuna kuyankha, mudine lofiirali. Lobiriwirali ndi lodulira."

"Bwanji lofiira likhale loyankhira?"

"Chifukwa limaoneka msanga. Anapanga dala, poganizira okalamba."

Amayiwo anagwedeza mutu. Aka kanali koyamba kuti awakhulupirire amuna awo osatsutsa, ndipo zinawawawa Atelala kuposa kukalipiridwa.

Loweruka Atelala anatseka shopu msanga, ati m'mimba. Anapeza akazi awo atasesa pabalaza, atavala diresi labuluu limene iwo anawasokera kalekale, atakhala pampando manja pamiyendo. Foni inali pathebulo, payokha, ngati mlendo.

"Mwavala bwino," anatero Atelala.

"Zovala zina zonse n'zakuda. Musaganize zambiri."

Nthawi itakwana foni inalira. Amayiwo anaisiya ilire kanayi, kuti mwana asaganize kuti amamudikira. Kenako anatambasula chala n'kudina lofiira, n'kuika kukhutu. Zii.

"Wadula," anatero.

"Mwina ndi netiweki ija ndinkanena."

Inaliranso. Lofiira. Zii. Kachitatu chimodzimodzi. Nkhope ya amayiwo inayamba kusintha ngati kumwamba kwa mvula, ndipo Atelala anazindikira mochedwa kuti nzeru yawo yathira palafini pamoto.

"Akundiseweretsa! Zaka zonsezi, kunditumizira chinthu chake kuti azindiimbira n'kumadula ngati ndine mnzake wa ku garaja?"

"Mwina tingoizimitsa, tiyesenso mwezi wamawa..."

Foni inalira kachinayi.

"Ayi. Ulendo uno ndimudula ndine, adziwe kuti nanenso chala ndili nacho!"

Anadina lobiriwira ndi mphamvu zonse, n'kuiponya pathebulo chagada. Atelala anaona timanambala tayamba kuyenda pagalasi paja. Anatsegula pakamwa, koma mtsinje unali utasefukira kale.

"Mwana wanu ameneyo! Mutu ngati mwala wonolera! Ndinasuwa zala izi, onani, kuti adzaime kutsogolo kwa kalasi atavala taye, iye n'kusankha kugona pansi pa malole ngati galu wothawa dzuwa. Chabwino, anasankha. Koma chimene chimandipsetsa mtima si chimenecho ayi. Ndi timawu take ta shuga timeneti! 'Ndikupepesa amayi. Ndikukusowani amayi.' Ndani ameneyo? Mwana wanga chibadwire sanapepesepo. Anaswa galasi la zenera ali ndi zaka zisanu n'kunena kuti lalakwa ndi zenera. Lero azinditumizira mawu aulemu ngati ndine mayi wa nyumba ya lendi? Ndiye kuti anandichotsa mumtima, akungokwaniritsa mwambo. Akanangonena kamodzi kokha kuti, 'Mukawauze amayiwo kuti olakwa ndi iwo,' ndikanadziwa kuti mwana wanga akadalipo. Ndikanathamangira kushopu kwanuko opanda nsapato, ndikanamutukwana mpaka waya kutentha! Bulangeti lake ndimachapa mwezi uliwonse ngati chitsiru. Mdzukulu wanga akukula osadziwa kukalipa kwa agogo ake. Ndani akumuuza kuti waonda? Ndani?"

Anaima kuti apume. M'kachetechete mmenemo, pathebulo panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Amayi! Amayi! Ndi inuyo amenewo!"

A Mkuzamawu anadumpha ngati aponda khala lamoto. Anayang'ana foni, anayang'ana amuna awo. Atelala anayang'ana denga, kumene kunalibe chithandizo chilichonse.

"Si mwati lobiriwira ndi lodulira?"

"Mwina anasintha," anatero Atelala ndi mawu a mwana wa mphaka.

Amayiwo anainyamula foni ija ndi manja awiri.

"Iwe! Wamva zonse?"

"Ndamva, amayi. Ngakhale mukanapanda kudina ndikanamva." Mwanayo anafwenthera. "Mawu ngati amenewa, bwanji sankandifika? Ine ndinkangolandira majuzi. Loweruka loyamba lomwe ndinadziwa kuti si inu. Amayi anga anene kuti uzivala juzi, osayamba ndi kunditchula chitsiru? Ndinadziwa kuti akupeka ndi bambo. Ndiye ndinati, ngati bambo akuchita kupeka, ndiye kuti amayi dzina langa salitchula n'komwe. Ndikanabwera bwanji pakhomo pa munthu amene sakundikalipira?"

"Ndinkakutukwana Loweruka lililonse, wosayamika iwe! Sindinadumphepo ngakhale limodzi!"

"Inenso ndinkakuyankhani, amayi! Ndinati njala yanu ija sinandiphe. Ndinati makaniko amadya bwino kuposa mphunzitsi. Ndinati olakwa ndi inu!"

"Unatero?" anafunsa amayiwo, misozi ili mbwembwembwe. "Unaterodi, mwana wanga? Wamwano iwe, ubwerezenso ndimve!"

Anakangana ola lathunthu. Anayambira pa sutukesi, kudutsa pa zenera lija, kufika pa dzina la mdzukulu limene amayiwo anati ndi lalitali ngati sitima. Anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba, ena atanyamula mipando. Ometa anasiya munthu atametedwa mbali imodzi. Ndipo aliyense amene ankawadziwa a Mkuzamawu anamva kuti mayiwo sanakondwepo chotero chichokereni mwana wawo.

Atelala anatuluka n'kukhala pa sitepe ya kukhonde. Palibe amene anawathamangitsa, palibenso amene anawaitana. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga pachala, kuimasula, kuikulunganso. Ankaganiza kuti iwo ndiwo ulusi umene wagwira banja lawo. Tsopano anaona kuti anthu awiriwa akanatha kukalipirana mwezi woyamba womwe n'kuthana nazo, mwana n'kubwera pa tchuthi, mdzukulu n'kubadwira m'manja mwa agogo ake. Zaka khumi ndi chimodzi anazidya ndi iwo, ndi mtima wabwino, Loweruka lililonse. Anamva manyazi, koma chisoni chinaposa manyaziwo.

Chitseko chinatseguka. Akazi awo anaima pamenepo, maso ali psuu, diresi labuluu litanyowa pachifuwa. Atelala anaweramitsa dazi kudikira chimphepo. Koma amayiwo anangowatambasulira foni.

"Akufuna inu. Musadine chilichonse."

Atelala anailandira n'kuimirira, dzanja lina likufufuza batani lapakhosi.

"Halo."

"Bambo."

"Ndine. Amayi ako akuti..."

"Ayi, bambo. Za amayi ndamva ndekha. Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti amayi akuti, amayi akuti. Nanga inuyo mukuti bwanji?"

Atelala anatembenukira kwa akazi awo, monga munthu wozolowera kupatsidwa choti anyamule.

"Musandiyang'ane ine," anatero amayiwo. "Zanga ndanena ndekha."

Atelala anafufuza m'mutu. Munali mauthenga a msewu wonse, a amuna a eni ake, a apongozi a eni ake, a amoyo ndi a akufa, onse opindidwa bwino. Wawo munalibe. Pa Loweruka mazana onse aja sanamuuzepo mwana wawo kanthu kochokera kwa iwo eni. Anayesa kuyeza, anayesa kudula, koma mawu anatuluka okha mmene analili.

"Ndinalakwa, mwana wanga. Ndinkaopa kuti usiya kuimba. Ndakusowa kwambiri. Bwera kunyumba."



"Amenewo ndi mawu a ndani, bambo?"

"Anga," anatero Atelala.